Ku Bunda, kumene amalondola mtedza kuchokera kumunda mpaka m'phala

Msewu wa ku Bunda umapatuka pamsewu waukulu wa M1 mukangotuluka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Dedza. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, ndipo m'nyengo yokolola simuyenda nokha: njinga zosenza matumba, ngolo za ng'ombe ndi amayi osenza madengu, onse alunjika kumsika wa Mitundu. Kutsogolo kumaoneka phiri la Bunda, thanthwe lalikulu lomwe anthu amakwera kukapemphera, ndipo chapatali kuli mapiri a Dzalanyama.

Patsinde pa phirili pali sukulu ya ukachenjede ya zaulimi yomwe idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 ngati nthambi ya University of Malawi. M'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti iime payokha, ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa LUANAR. Alangizi ambiri omwe alimi amawadziwa adadzera pano. Koma pali maphunziro ena omwe satchuka kumudzi, a sayansi ya zakudya. Awa amayambira pomwe khasu lalekezera: kuyanika, kusunga, kugaya, kuphika ndi kuyeza ngati chakudya chili choyenera kulowa m'kamwa mwa munthu.

Kuti mumve kulemera kwa maphunzirowa, yambani mwaima pamsika wa Mitundu n'kuyang'ana mtedza. Wogula wochokera m'tauni amasankha wonenepa, wosalala. Mphwephwa, wosweka ndi wothimbirira umabwerera kunyumba, kumene umasinjidwa n'kukhala nsinjiro zotendera ndiwo ndi phala la mwana. Tsono mtedza wotsalirawu ndiwo umakhala ndi chuku chambiri, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuthetsa. Amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ofufuza amamuganizira pa vuto la kupinimbira kwa ana.

Adadziwika m'chaka cha 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya cha mtedza chochokera ku Brazil. Ku Kenya anthu 125 adamwalira mu 2004 atadya chimanga chochita chuku. Maiko a mu European Union salola mtedza wodya anthu kupyola mamaikilogalamu 4 pa kilogalamu, komwe kuli ngati magalamu 4 okha pa matani 1,000. Mlingo wotere suyezedwa ndi dzino kapena mphuno. Pamafunika munthu wodziwa kutapa mtedza wokayeza kuchokera m'matumba ambiri, kuugaya, kuusungunula m'mankhwala ndi kuwerenga zomwe makina a m'labotale akunena. Wophunzira digiri yachiwiri amazolowera ntchito imeneyi mpaka kuilota.

Njira yolowera n'njofanana m'masukulu ambiri a m'chigawo chathu, kaya ndi ku Bunda, ku Sokoine mumzinda wa Morogoro, ku Pretoria kapena ku Stellenbosch. Amafuna digiri yoyamba yokhoza bwino pa maphunziro oyandikana nawo, monga a kadyedwe, a ulimi kapena a chemistry. Amafuna ndondomeko ya momwe munakhozera phunziro lililonse, makalata a anthu okuchitirani umboni, ndiponso kawirikawiri masamba ochepa ofotokoza zomwe mukufuna kufufuza. Wofuna kupita ku South Africa amayenera kutumiza mapepala ake ku bungwe la SAQA kuti liwaunike, ndipo izi zimadya nthawi. Ambiri sadziwanso kuti pangano la SADC la zamaphunziro, lomwe lidasainidwa ku Blantyre mu 1997, limapempha maiko kusungira ophunzira a m'chigawochi malo 5 pa 100 aliwonse ndi kuwalipiritsa fizi ngati eni dziko. Funsani za panganoli musanataye mtima.

Chogwetsa ambiri ndi ndalama, osati nzeru. Fizi ndi gawo chabe. Mankhwala oyezera amagulidwa kunja ndi madola, ndipo kafukufuku wopanda thandizo amaima panjira. N'chifukwa chake ochenjera amayamba apeza mphunzitsi yemwe ali kale ndi ntchito yofufuza yokhala ndi thumba lake, asanalembe n'kalata komwe. Bungwe la RUFORUM, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Kampala, lakhala likuthandiza ophunzira otere m'masukulu a zaulimi a mu Africa.

Pa masamba ofotokoza kafukufuku aja, ine ndimaona kuti wogwira ntchito kumudzi ali patsogolo kuposa mnyamata wongochoka m'kalasi. Mlangizi amadziwa kuti anthu amawaza madzi mtedza kuti makoko afewe asanauswe, ndipo amadziwanso chifukwa chake: zala zimatupa ukaswa thumba lonse louma. Amadziwa kuti ena amakumba msanga poopa akuba, n'kuunjika mtedza wosauma m'nyumba. Funso lochokera pamenepa, loti chinyontho cha usiku umodzi chimawonjezera poizoni wochuluka bwanji ndipo kamakina koswera kotsika mtengo kangasinthe chiyani, n'lamoyo kuposa mutu wokopera m'buku.

Maphunzirowo amatenga zaka ziwiri, ngakhale kuti ambiri amapyolako. Chaka choyamba n'cham'kalasi: tizilombo tosaoneka toononga chakudya, zomwe zimachitika m'chakudya chikatenthedwa kapena kuwawasa, malamulo a miyezo ngati omwe Malawi Bureau of Standards imatsata, ndi masamu a kafukufuku omwe amaliza anthu akuluakulu. Chaka chachiwiri munthu amakhala pakati pa labotale ndi mudzi. Wina amatola mtedza m'misika, wina amayeza chinangwa chovuwika cha kondowole kuti aone ngati kuwawa kwake kwakupha kwatha, wina amasakaniza ufa wa mbatata yofiira mkati ndi wa tirigu n'kuitana anthu kudzalawa mandasi. Pomaliza amalemba buku n'kuima pamaso pa aphunzitsi kuteteza zomwe wapeza.

Chondidandaulitsa n'chakuti m'masukulu ambiri a ukachenjede mabuku amenewa amalembedwa m'Chingerezi cholimba n'kukagona pa alumali. Mayi yemwe adapereka kapu ya nsinjiro zake kuti ikayezedwe samvanso kanthu. Mabungwe athu omwe amalandira ophunzirawa m'midzi angathe kugwirizana nawo poyamba pomwe kuti akamaliza adzabwere pabwalo la mfumu kudzanena zotsatira m'chinenero cha eni mudzi. Ulendo wotero ndi wa tsiku limodzi, ndipo kuchokera pageti la Bunda kufika ku Mitundu munthu amatha kupita panjinga ya kabaza.