Denga la kamba wanga

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, ambiri mukuidziwa galimoto ija mumaitcha kamba. Dzina lake lenileni ndi Volkswagen Beetle, ya 1972, ndipo anandisiyira ndi malemu bambo. Inapangidwa ku Uitenhage ku South Africa, tauni imene tsopano ikutchedwa Kariega, komwe anapanga galimoto za mtunduwu kuyambira 1951 mpaka 1979. Injini ili kumbuyo, ndipo imazizira ndi mphepo, osati madzi. Imayendabe bwino. Chimene chinatha ndi nsalu ya kudenga m'kati, imene inang'ambika n'kumalendewera ngati masanza, uku ikugwetsera fumbi pamutu pa aliyense wokwera.

Achimwene anali atayamba kale kunena kuti tiigulitse, poti galimoto imene amayi akukana kukwera ilibe ntchito pabanja. Mawuwo anali ndi nzeru, n'chifukwa chake anandipweteka. Nsalu yosokeratu imapezeka ku South Africa, koma kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mphunzitsi amaganiza kawiri asanaitanitse kanthu kunja. Ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe pamsewu wa M12, ndinakagula rekizini yoyera, siponji yopyapyala ndi chitini cha guluu uja amamatira nsapato, n'kubwerera tsiku lomwelo.

Galimoto za masiku ano zili ndi chibolodi cholimba kudenga, nsalu n'kungomatidwa pamenepo. Zakalezi ayi. Nsalu imapachikidwa pa ndodo zachitsulo zokhota ngati uta, zopingasa kuchokera mbali ina kufika ina. Kuseri kwa nsalu kumasokedwa timatumba titalititali momwe ndodozo zimalowa. M'mphepete monse nsalu imamatidwa ndi guluu n'kubisika pansi pa malabala a magalasi. Ndiye kuti magalasi onse ayenera kutuluka: lakutsogolo, lakumbuyo ndi awiri a m'mbali kumbuyo. Apa ndi pamene mtima unagunda. Galasi la Beetle likasweka, simungalipeze pa Boma pano kapena pa Kamwendo. Mnyamata wanga wa Fomu 3 analandirira panja, ine ndikukankha pang'onopang'ono m'kati, ndipo onse anayi tinakawagoneka pamatiresi kuchipinda n'kukhoma chitseko.

Ndodo zija sizifanana kutalika ngakhale kukhota, choncho ndinazilemba manambala ndi choko ndisanazizule. Choko ndiye sichisowa kwa mphunzitsi. Pamwamba pa nsalu tinapeza chisa cha makoswe, makoko a mtedza, ndi dzimbiri pang'ono m'makona. Dzimbiri ndinalipala ndi sandipepala, n'kupaka penti, kenako kumata siponji kuti ichepetse kutentha ndi phokoso la mvula.

Nsalu yakale sindinaitaye. Ndinaisula msoko ndi msoko, n'kupita nayo kwa telala wina wachikulire wa pakhonde kumsika kuti ikhale muyeso. Anaitembenuza kawiri, n'kundiyang'ana.

"Aphunzitsi, imeneyi ndi diresi la ndani?"

"Ndi la galimoto, bambo."

"Galimoto ikuvalanso? Chabwino, koma mundisiyire masiku atatu, rekizini imathyola singano."

Anasoka ndi makina ake a Singer opalasa ndi phazi, misoko yowongoka kuposa mizere imene ena a inu munkajambula ndi rula. Anasiyanso nsalu yotsalira m'mbali monse kuti ndikhale ndi pogwira pokoka, chinthu chimene sindinamuuze.

Tsiku lopachika ndi limene ndikufuna kukambapo kwambiri. Amene ndinakuphunzitsani Jogalafe mukukumbukira khoko la lalanje lija, loti simungaliyale patebulo osaling'amba, ndipo n'chifukwa chake mapu onse a dziko lapansi amanama penapake. Pa denga la Beetle vuto ndi lomwelo koma motembenuza: nsalu ndi yafulati, denga ndi lozungulira ngati chipanda. Ukakoka kuno, makwinya amathawira uko. Kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikufotokoza zimenezi pabolodi, koma tsiku limenelo ndinazimva m'zala.

Rekizini imafewa ikatenthedwa, ndiye ndinadikira dzuwa la Okutobala, galimoto ili pabwalo, ine ndili m'kati thukuta kamukamu. Ndodo zonse zitalowa m'malo mwake, sindinathamangire guluu. Ndinagwiriza nsalu m'mphepete ndi mapegi oyanikira zovala, pafupifupi onse a mayi a kunyumba, amene sanasangalale nazo. Umayambira pakati, kukoka kutsogolo ndi kumbuyo, kenako m'mbali, kumasula pegi apa, kumanga apo, mpaka makwinya atachepa. Zikatero ndiye guluu. Umapaka mbali zonse ziwiri, pachitsulo ndi pansalu, n'kudikira mpaka asiye kumatirira chala. Akagwirana agwirana, palibe kubweza. Mumate chigawo chachifupi nthawi imodzi, ndipo zitseko zikhale zotsegula chifukwa fungo lake limazunguza mutu.

Kanzeru kena kamene ndinauzidwa ndi makaniko wina wa ku Chipata: masikuluwu a kalilole ndi a zotchingira dzuwa abwezereni m'mabowo mwake nsalu isanapachikidwe. Pomaliza mumangowafufuza ndi chala n'kuboola kabowo kakang'ono pamutu pake. Kupanda apo mubaya nsalu yatsopano mwachisawawa.

Kubwezera magalasi kumafuna chingwe cholimba ndi madzi a sopo. Labala amavekedwa pagalasi, chingwe chimazungulira mumpata wa labala, wina amakanikiza panja ndi zikhatho, iwe m'kati ukukoka chingwe pang'onopang'ono kuti mlomo wa labala ulumphire chitsulo. Lakumbuyo linalowa kachitatu. Malabala awiri anali ouma kwambiri moti ndiyenera kuwasintha mvula isanalimbe, apo ayi madzi adzalowa n'kumatula ntchito yonseyi.

Khwinya limodzi latsala pakona yakumanzere kumbuyo, pamene denga limapindika kwambiri, ndipo ndalisiya. Lamulungu lapitali amayi anakwera kupita kutchalitchi, ulendo woyamba m'zaka zitatu. Anasisita denga ndi dzanja n'kufunsa ngati telala yemweyo angasokenso mipando. Achimwene akuti abwera kumapeto kwa mwezi kudzaona okha.