Tsiku Limene Nyanja Inabwerera

Ife obadwira m'mbali mwa nyanja timadziyesa odziwa madzi. Mwana wa ku Makanjira kapena wa ku Malindi amaphunzira kusambira asanadziwe alif, ndipo pofika zaka 10 amakhala akusiyanitsa kale mwera ndi mpoto pongoyang'ana mafunde. Kudzidalira kumeneku tinakulongedza pamodzi ndi zovala pamene tinatenga ana athu atatu kukapuma nawo pa chilumba cha Unguja, chimene ambiri amangochitchula kuti Zanzibar. Kunatsala pang'ono kutitayitsa chimene sitikanachipezanso.

Anatiitana ndi mnzathu amene tinaphunzira naye ku koleji ya Chisilamu, yemwe tsopano amaphunzitsa madrasa pafupi ndi mudzi wa Jambiani, kum'mawa kwa chilumbacho. Malo ogona anati alipo, ife tingopeza yoyendera. Tinasunga ndalama zaka ziwiri, kuchokera pa kamalipiro ka uphunzitsi ndi pa usipa umene mayi a kunyumba amayanika ndi kugulitsa. Achibale ena sanabise maganizo awo. Anati munthu wogona pafupi ndi madzi kuwononga ndalama kukaona madzi ena n'kusakaza chuma, ndipo mwalimu ndiye woyenera kudziwa bwino za tchimo limenelo. Tinawayankha kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Kwa Msilamu wa kunyanja, Zanzibar si dzina lachilendo. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 ali wolumikizana ndi Sultan wa kumeneko. Mfumu Makanjila inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo ena mwa mashehe athu oyambirira anakatunga maphunziro kugombe lomwelo. Njira imene inabweretsa Deen ndi yomwenso inapititsa makolo athu ena atamangidwa magoli, mpaka pamene msika wa akapolo wa pachilumbacho unatsekedwa mu 1873. Tinkafuna kuti ana akaone malo amenewo, okoma ndi owawa omwe. Koma ana a zaka 10, 6 ndi 3 anali ndi funso limodzi lokha: kodi mchenga wake ndi woyera ngati wa pachithunzi?

Tinadutsa pa chipata cha Songwe, n'kugona ku Mbeya, kenako basi inatitenga tsiku lathunthu mpaka ku Dar es Salaam. Kumeneko tinakwera sitima ya pamadzi imene imawoloka pafupifupi maola awiri. Wotchi tinaipititsa patsogolo ndi ola limodzi. Pofika ku Jambiani dzuwa linali litapendeka, ndipo ana sanadikire n'komwe kuti tipatse moni eni nyumba mokwanira. Anathamangira kugombe. Mzime wathu anatunga madzi ndi manja awiri monga amachitira kwathu, n'kumwa, ndipo kulira kumene analira kunaseketsa asodzi amene ankakonza ngalawa zawo chapafupi. Mnyamata wathu wapakati anatiyang'ana modabwa nafunsa: "Ababa, madzi owawa chonchi n'kuchitira udhu?" Tinamufotokozera kuti funso lomwelo amalinyero analifunsa kwa Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam), ndipo anauzidwa kuti madzi a m'nyanja ya mchere ndi oyeretsa. Tinamukumbutsanso kuti Surah Al-Furqan ndi Surah Fatir zimatchula madzi a mitundu iwiri, okoma ndi amchere. Ma ayah amenewo tawaphunzitsa zaka zambiri, koma mwanayo anawamvetsa tsiku limenelo ndi lilime lake.

M'mawa mwake tinadzuka n'kupeza nyanja kulibe. Ngalawa zimene dzulo lake zinkayandama zinali zitagona cham'mbali pamchenga, ndipo madzi ankaoneka kutali ngati mzere woyera, pamene mafunde amasweka pa miyala ya m'madzi. Nyanja yathu nayo imadzaza ndi kuphwa, koma imatero mwaulemu: imakwera mvula ikagwa, n'kumatsika pang'onopang'ono miyezi yonse ya chilimwe. Ya mchere imachoka ndi kubwerera kawiri pa tsiku. Amaikoka ndi mwezi, womwe uja timausakasaka kumadzulo pofuna kudziwa chiyambi cha Ramadhan, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, madzi amapita kutali kwambiri ndipo amabwereranso ndi mphamvu yoposa masiku ena. Mnzathu uja anatifotokozera zonsezi usiku tikumwa tiyi wa zonunkhira, namaliza ndi kutichenjeza kuti tisapite kutali ndi ana tisanafunse nthawi ya madzi. Tinaseka. Tinamuuza kuti akulankhula ndi munthu amene anakulira m'bwato.

Tsiku lachitatu linali la 14 pa mwezi wa Chisilamu. Mnzathu anali atapita kukaphunzitsa, ndipo mayi a kunyumba anatsala kukhitchini ndi akazi a mnzathuyo, akuphunzira kuphika mpunga wa kokonati. Ife tinatenga ana kuyenda nawo pamene dzulo panali nyanja. Tinadutsa minda ya amayi olima ndere za m'nyanja zimene iwo amazitcha mwani, zomangiriridwa pa zingwe zokokedwa pakati pa zikhomo. Ana ankatola zigoba za nkhono, akupewa tizilombo takuda taminga tobisala m'tizithaphwi. Tinafika pa kamtunda ka mchenga woyera ngati ufa, ulendo wa mphindi 10 kuchokera kumtunda, ndipo ana anayamba kumanga mzikiti wamchenga wokhala ndi nsanja ziwiri.

Kenako adhana ya Dhuhr inamveka. Tinayang'ana uku ndi uku: mchenga wouma mbali zonse, madzi kutali. Tinauza wachisamba wathu kuti, "Uwayang'anire abale ako, tibwera posachedwa," n'kulunjika ku mzikiti wa m'mudzimo. Mumtima tinkati mayi awo akuwaona ali pakhonde. Mayi awo nawo ankadziwa kuti ana ali ndi bambo awo.

Tikanakonda kunena kuti chimene chinatichedwetsa ndi Swala, koma limenelo lingakhale bodza. Swala inatha m'mphindi zochepa. Chimene chinatigwira ndi akuluakulu a pamzikitipo, amene atamva kuti mlendo wachokera ku Malawi anayamba kufunsa za Asilamu a kunyanja, za madrasa athu, za mmene timachitira ziyara. Mphunzitsi akapeza omumvera amaiwala wotchi. Tinafotokoza m'Chiswahili chathu chopunduka, iwo akugwedeza mitu, ife tikumva kukoma.

Titatuluka, njira imene tinadzera panalibe. Madzi obwerera sabwera ndi phokoso ngati mwera. Amayamba kulowa m'makwawa a kumbuyo, mwakachetechete, kotero kuti munthu woima pa kamtunda amaona pouma pamene njira yake yobwerera yamira kale. Tinathamanga osadziwa kumene nsapato tinazitaya. Chapatali tinaona mayi wina akuwoloka pang'onopang'ono, mzime wathu atamubereka kumsana ndi nsalu, dzanja lake lamanja litagwira mnyamata uja, ndipo wachisamba akutsatira pambuyo atagwiritsa chovala cha mayiyo, madzi akumulekeza m'chifuwa. Tinakumana nawo pakati. Thumba la ndere zimene mayiyo anakolola m'mawa wonse anali atalisiya kuti madzi alitenge.

Titafika pouma anamasula mwana n'kumupereka m'manja mwathu. Sanakweze mawu. Anayang'ana kofia yathu ndi mkanjo wonyowa, nati: "Mwalimu, nyanja iyi siyembekeza munthu kuti amalize kucheza." Tinatulutsa ndalama kuti tilipire ndere zake zotayikazo, koma anakankha dzanja lathu n'kunena kuti naye ali ndi ana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mwambiwu tinaumva kuyambira ubwana, koma tsiku limenelo unatsirizidwa ndi mayi wosadziwa Chichewa.

Usiku umenewo tulo sitinatione. Mtima unayesa kudziteteza: kodi sitinapite kukaswali? Kodi amene wasiya ana chifukwa cha adhana angadzudzulidwe? Koma zimene timaphunzitsa tokha zinatiimirira pamaso. Nthawi ya Dhuhr ndi yotambasuka, imafika mpaka polowa Asr. Ife tinali apaulendo, ololedwa kufupikitsa Swala ya marakaa anayi kukhala awiri, ngakhalenso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr. Tikanatha kutulutsa ana kaye, kuwapereka kwa mayi awo, n'kukaswali mtima uli m'malo. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) ankafupikitsa Swala ya pagulu akamva kulira kwa mwana, poganizira mtima wa mayi wake, ndipo anaswalipo atanyamula mdzukulu wake Umamah. Deen imene timaphunzitsa sinatiuzepo kuti tisankhe pakati pa Swala ndi mwana. Kuyadzamira kwa Allah kumadza munthu atachita mbali yake, ndipo mbali yathu tsiku limenelo inali yaing'ono kwambiri: kufunsa mmodzi mwa amayi tinawadutsa aja kuti madzi abwerera nthawi yanji. Safunsa anadya phula.

Panalinso china chimene tinachedwa kuchiona. Aang'ono awiri aja pofika madzulo anali ataiwala zonse, akulimbirana chipatso cha embe. Koma wachisamba sanadye. Tsiku lotsatira anakana kupita kugombe, akuti mutu ukumupweteka. Mayi ake ndi amene anazindikira, natikokera pambali. "Bambo ake, mwanayu akuganiza kuti wolakwa ndi iyeyo. Munamuuza kuti awayang'anire."

Tinamupeza atakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa kokonati. Tisanalankhule anayamba yekha, misozi ikutsika: anaona madzi akubwera, koma anaopa kuchoka pamene tinamusiya, poti tinati tibwera posachedwa. Anamvera, ndipo kumverako n'kumene kukanamumiza pamodzi ndi abale ake. M'madrasa timaphunzitsa ana kupepesa kwa makolo, ndipo phunziro limenelo timalidziwa pamtima. La bambo kupepesa kwa mwana sitinaliphunzitsepo. Tinakhala pansi pambali pake n'kumuuza kuti amanah ya abale ake Allah anaiika pa ife ndi mayi ake, kuti tinamusenzetsa mtolo umene sunali wake, ndipo tinamupempha kuti atikhululukire. Anatiyang'ana nthawi yaitali ngati tikulankhula chinenero china. Kenako anafunsa ngati mzikiti wawo wamchenga uja unagwa. Tinati unagwa, koma mchenga ulipo wambiri.

Tinaganizapo zobwerera kwathu tsiku lomwelo, ndipo tinkamva kale mawu a achibale aja akuti tinanena ife. Mayi a kunyumba ndi amene anakana. Anati tikathawa, chimene ana adzakumbukire pa chilumbachi ndi mantha okha. Tinakhala masiku ena anayi, ndipo anali okoma koposa oyamba aja. M'mawa uliwonse tinkayamba ndi kufunsa asodzi nthawi ya madzi, mnyamata wathu n'kuilemba ndi kamtengo pamchenga. Nthawi ya Swala ikakwana tinkasinthana, wina kuswali wina ali ndi ana, ndipo wochokayo sankachoka asanamve mnzake akuvomera ndi pakamwa kuti ana ali m'manja mwake. Tinapita nawo ku Kizimkazi, kumwera kwa chilumbacho, kukaona mzikiti umene pakhoma pake pali malemba a chaka cha 500 Hijri, chomwe ndi 1107. Tinayenda m'tinjira topanikiza ta Stone Town, tinaima pamalo pamene panali msika wa akapolo, pomwe tsopano pali tchalitchi cha Anglican, ndipo madzulo tinadya nsomba zootcha ku Forodhani, ana akuwerenga ngalawa zobwerera kudoko. Tsiku lomaliza wachisamba analowanso m'madzi, atagwira dzanja lathu, ndipo ndi iye anayamba kulisiya.

Tabwerera kunyanja yathu ya madzi okoma, imene siichoka pamalo pake masana. Koma tsopano tikamadutsa padoko popita ku madrasa, timaona zimene kale maso athu ankazilumpha: kamtsikana ka zaka 8 katabereka khanda, kakuyang'aniranso ena awiri m'mphepete mwa madzi, mayi ali kumsika, bambo ali pa bawo kapena pakhonde la mzikiti akucheza. Nyanja yathu ilibe madzi obwerera, koma ili ndi mwera wodzidzimutsa, ili ndi ng'ona m'mabango, ili ndi maenje pamene mchenga umatha mwadzidzidzi. Tonsefe tinaleredwa ndi achemwali athu mwanjira imeneyo, ndipo poti tinapulumuka timati palibe vuto. Tsoka likagwa timati chinali chikonzero cha Allah, zomwe ndi zoona, koma mwana amene anauzidwa kuti ayang'anire uja amatsala ndi mtolo umene palibe wamkulu amabwera kudzamutula.

Zigoba za nkhono zimene ana anatola zili m'mbale pawindo. Mlendo akafunsa, mnyamata wathu amafotokoza za nyanja imene imapita kokayenda n'kubwerera, ndipo mzime amakwinya nkhope kusonyeza kuwawa kwa madzi ake. Mayi uja sitinamufunse dzina. Timamutchula m'dua pambuyo pa Swala, kuti Allah amusungire ana ake monga iye anasungira athu, ndi kumubwezera thumba lake la ndere mochuluka, pano ndi pa Tsiku Lomaliza. Ameen.