Ku Namitete, kumene mchere ndi shuga zimadzutsa mwana

Minibasi ya ku Mchinji inanyamuka mu Lilongwe dzuwa litakwera kale, poti kondakitala sankafuna kusiya mpando wopanda munthu. Linali dzinja, fodya ndi chimanga zitabiriwira mbali zonse za msewu. Chitedze ndi Mpingu tinangodutsa, pa Msundwe tinaima anthu akukweza matumba, ndipo ine ndinatsikira pa Namitete. Wakabaza ananditenga mpaka kumudzi wina kupitirira chipatala cha St Gabriel, chomwe masisitere a Carmelite ochokera ku Luxembourg anayambitsa mu 1959. Ndinkalondola mnzanga wakale, mlangizi wa zaumoyo, pa tsiku lake la sikelo.

Pansi pa mtengo wa mango panali mayi wina atafukata mwana wotsekula m'mimba. Maso a mwanayo anali atalowa, liwombo litaphwa, pamutu atamumata mankhwala akuda. Mlangizi sanawakalipire. Anawauza mofatsa kuti liwombo laphwa chifukwa madzi atha m'thupi, ndiye mankhwala ake ngodzera pakamwa. Anang'amba paketi ya Thanzi, n'kuisungunula mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, mayiwo n'kuyamba kumwetsa mwana ndi supuni, pang'onopang'ono.

Ufa woyerawo uli ndi mbiri yaitali, ndipo ndimadandaula kuti sitiiphunzitsa ana athu. Mu 1957, Jens Christian Skou wa ku Aarhus m'dziko la Denmark, pofufuza mitsempha ya nkhanu, anatulukira kapampu kamene kali pa khungu la maselo a m'thupi mwathu. Kapampuko kamatulutsa timagawo titatu ta sodiyamu, yemwe timamupeza mu mchere, n'kulowetsa tiwiri ta potaziyamu, usana ndi usiku. Motero m'kati mwa selo sodiyamu amakhala wochepa, ndipo wakunja amangofuna polowera. Skou anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1997.

Polowerapo anapaonetsa Robert Crane wa ku America. Pa msonkhano wa akatswiri ku Prague mu 1960, iye anafotokoza kuti m'matumbo sodiyamu ndi shuga wa gulukosi amalowera limodzi pa khomo limodzi. Zili ngati ngolo za kunoko: ng'ombe imodzi siikoka, mpaka zimangidwe ziwiri pa goli. Sodiyamu ndi shuga zikalowa, madzi amazitsatira n'kupita m'magazi. Crane sankafufuza mankhwala a kolera. Funso lake linali laling'ono, loti shuga amadutsa bwanji khungu la matumbo, ndipo anakhala nalo zaka zambiri asanakatsogolere nthambi ya maphunziro a kagwiridwe ntchito ka thupi ku Rutgers.

Kolera ikamugwira munthu, poizoni wake amachititsa maselo a m'matumbo kutaya mchere, madzi n'kumatuluka nawo osalekeza. Koma khomo la Crane lija poizoniyo salitseka. Madokotala David Nalin ndi Richard Cash anatsimikiza ku Dhaka mu 1968 kuti wodwala kolera angathe kubwezeredwa madzi kudzera pakamwa. Mu 1971, Dilip Mahalanabis, madiripi atamuthera pa msasa wa othawa nkhondo ku Bangaon m'dziko la India, anamwetsa anthu madzi a mchere ndi shuga. Poyamba pa odwala 100 aliwonse ankamwalira pafupifupi 30. Chiwerengerocho chinatsika osafikanso pa anayi.

Ife a ku Malawi nkhaniyi si yakutali. Kolera yomwe inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Munthu wa m'midzi ya ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma, mvula ikaononga misewu, amatha maola asanafike pomwe pali diripi. Maola amenewo ndi amene paketi ija imamugulira.

Chimene mnzangayo ankabwereza kwa azimayi onse ndi muyeso. Paketi imodzi, lita imodzi, osapungula madzi poti mwana amwe msanga, osawonjezera shuga poti akome. Ena akaona mwana wafooka amathamangira Sobo kapena Fanta, ndipo amachita zimenezo mwachikondi. Koma shuga akachuluka chotero amakokera madzi m'matumbo, kutsekula n'kuwonjezeka, pomwe mchere wofunikawo mulibemo. Amene analibe chikho choyezera anawaonetsa botolo la theka la lita, nawauza kuti azidzaza kawiri. Zotsala zikagona usana ndi usiku, atayeko asungunule zina. Kuyamwitsa asaleke, ndi mapiritsi a zinki apitirize mpaka athe ngakhale mwana ataoneka kuti wachira.

Mvula itayamba kuwaza, mwana uja anali atayamba kulira ndi mphamvu, akukankha supuni n'kufuna bere. Mlangizi sanakhutire nazo. Anawalembera mayiwo kalata, nawauza kuti mwana akayamba kusanza chilichonse kapena kulephera kumwa, asadikire kuche, apite ku St Gabriel usiku womwewo. Wakabaza analephera kubwera chifukwa cha matope, choncho mpaka pamsewu wa tala ndinayenda pansi, nsapato zili m'manja.