Masamu amene anadzutsa shedi ya bambo anga

Bambo anga anayamba kukhoma zidebe ku Ndirande ine ndisanabadwe. Ndowa, mbaula, makeni othirira kudimba, zonsezi zinkatuluka m'manja mwawo, ndipo ndi zimenezi zinandilipirira sukulu mpaka ku koleji. Sindinamalize. Bambo anadwala sitiroko, dzanja lamanja linafa, ndipo ine poti ndine woyamba kubadwa ndinalongedza mabuku n'kubwerera kudzayang'anira shedi pamodzi ndi anyamata awiri amene iwo anawaphunzitsa ntchito.

Mu Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti. Malata ndi katundu wodalira ndalama zakunja, choncho mtengo wake unakwera nthawi yomweyo. Nafenso tinakweza zidebe zathu, ndalama yonse imene lata lakwera n'kuisenzetsa wogula. Amayi amene ankagula kwa ife kwa zaka zambiri anayamba kungofunsa mtengo, kupukusa mutu, n'kulowera kwa ogulitsa ndowa zapulasitiki. Mpamba unayamba kudyeka. Mayi anga anakakongola ku banki mkhonde kuti tigule malata, pomwe mankhwala a bambo nawonso ankafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Ndinkapemphera usiku kuti Mulungu asalole shedi imeneyi kufera m'manja mwanga bambo akuona.

Thandizo linabwera kuchokera m'kope langa la calculus, phunziro limene ku koleji tinkaliopa tonse. Mfundo yake ndi yosavuta kuimva. Munthu wokwera phiri akafika pansonga amakhala kuti waleka kukwera koma sanayambe kutsika. Derivative imayeza liwiro limene chinthu chikukwerera kapena kutsikira, ndiye ukaipeza n'kufunsa pamene ikufika pa ziro, wapeza malo amene chinthucho chakula kwambiri kapena chachepa kwambiri. Gottfried Leibniz atasindikiza koyamba za masamu amenewa mu 1684, nkhani yopeza chachikulu ndi chaching'onoyi anaiika pamutu penipeni pa zimene analemba.

Ndinayamba ndi chidebe chathu cha malita 20, chowongoka, chopanda chivundikiro. Bambo ankachipanga chamasentimita 25 m'mimba mwake, msinkhu pafupifupi 41. Nditawerengera thako ndi khoma lozungulira, osaphatikiza zopinda m'mphepete, ndinapeza kuti chimadya lata lokwana masikweya sentimita 3,690. Funso langa linali lakuti: pa zidebe zonse zolowa malita 20, chodya lata lochepa kwambiri ndi chiti? Chidebe chikafufuma, thako limakula koma khoma limafupika. Chikaonda, thako limachepa koma khoma limatalika. Derivative inandionetsa kuti lata limachepa kwambiri pamene msinkhu uli theka la m'mimba mwake: masentimita 37 m'mimba, 18.5 msinkhu, lata masikweya sentimita 3,240.

Ndinawaonetsa bambo chojambulacho ndili wosangalala. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwanawe, ili ndi beseni. Mayi wake uti angasenze madzi m'menemu kuchoka pa mpopi osanyowa?"

Ankanena zoona, ndipo apa ndi pamene masamuwa anandithandiza koposa. Pafupi ndi yankho lenileni manambala amasintha pang'onopang'ono kwambiri, moti ukhoza kusuntha ndithu osataya zambiri. Johannes Kepler anaona zimenezi kale calculus isanabwere. Ali ku Linz anadabwa ndi mmene ogulitsa vinyo ankayezera migolo ndi ndodo, ndipo mu 1615 anatulutsa buku la kayezedwe ka migolo lomwe linasonyeza kuti mgolo ukayandikira mpangidwe wolowa zambiri, kuusintha pang'ono sikusintha kwenikweni zolowamo. Ine ndinayesa masentimita 30 m'mimba ndi 28 msinkhu. Chinatuluka chidebe chenicheni, chokhazikika bwino pa nkhata, chodya lata masikweya sentimita 3,370. Pa zimene beseni lija likanapulumutsa, tinapulumutsa pafupifupi magawo 7 mwa 10. Bambo anachigwira ndi dzanja lawo lamanzere, n'kuchitembenuza, n'kuuza anyamata kuti adule patani yatsopano.

Mabokosi a lata amene alimi a nkhuku amaikamo chakudya sanativute. Umatenga lata lofanana mbali zonse, kudula timakona tinayi, n'kupinda m'mbali. Yankho ndi kudula gawo limodzi mwa magawo 6 a mbaliyo. Pa lata la masentimita 60 tinkadula 15, bokosi n'kumalowa malita 13.5. Titayamba kudula 10 linayamba kulowa malita 16, lata lomwelo, ntchito yomweyo.

Nkhani ya mtengo ndiyo inali yolemetsa mtima, chifukwa sumuyeza kasitomala ndi tepi. Koma bambo anali ndi chizolowezi chabwino cholemba m'buku chilichonse chogulitsidwa, tsiku ndi mtengo wake, ndipo ine ndinapitiriza. Nditajambula mitengo yosiyanasiyana ndi kuchuluka kwa zidebe zogulidwa pa mtengo uliwonse, timadontho tinandanda mofanana ndi mzere wotsika. Phindu ndi zimene umapata pa chidebe chimodzi kuchulukitsa ndi zidebe zogulidwa. Ukakweza mtengo, choyambacho chimakula, chachiwiricho chimachepa. Ngati ogula akuchepa motsata mzere wowongoka, derivative imanena kuti mtengo wopindulitsa kwambiri uli pakati penipeni pa ndalama zopangira chidebe ndi mtengo umene palibe angagule. Zikutanthauza kuti ndalama zopangira zikakwera ndi K1,000, mtengo uyenera kukwera ndi K500 yokha, bola ogula sanasinthe. Ife tinkakweza K1,000 yonse, monga aliyense mumsika.

Kutsitsa mtengo pa nthawi imene chilichonse chikukwera kumafuna mtima. Mayi anandifunsa kuti, "Kodi mwaganiza bwino, achimwene? Ngongole ya eni ake ija ikutidikira." Sindinawabisire kuti mzere wanga wachokera m'buku la shedi imodzi, ndipo anthu satsata mzere nthawi zonse. Nyengo ya mvula amagula mosiyana ndi nthawi yokolola, ndipo mtengo wa pulasitiki ukasintha, mzerewo umasunthanso. N'chifukwa chake ndinatsitsa pang'onopang'ono, ndikuona m'buku sabata ndi sabata. Ogula anayamba kubwerera. Phindu pa chidebe chimodzi linali lochepa, koma pakutha pa mwezi ndalama yotsala inkaposa ya kale, ndipo lata lopulumuka lija linkaonjezera pamwamba.

Ndimakhulupirira kuti Mulungu anayankha pemphero langa kudzera m'maphunziro amene ndinkaganiza kuti ndawataya, komanso kudzera m'diso la bambo limene limadziwa zimene kope silidziwa. Zimandipweteka kuti amisiri anzathu ambiri akudula lata mwa chizolowezi, pomwe ana awo amene anaphunzira masamu amenewa sanauzidwepo kuti angagwire ntchito pa shedi ya kwawo.

Ngongole ya banki mkhonde tinabweza yonse. Anyamata aja adakali pa ntchito ndipo akulandira pa nthawi yake. Bambo amabwera m'mawa kudzakhala pa mpando, ndipo patani iliyonse yatsopano imadutsa kaye m'manja mwawo tisanadule lata. Panopa tikulimbana ndi keni yothirira kudimba, yomwe ili ndi mkono ndi chogwirira zofunika kuziwerengera padera, ndipo ndalemba kalata yopempha kuti ndikapitirize maphunziro anga.