Njinga ya Bambo ndi Mapale a ku Nkope

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino ndiloleni ndikukwezeni pa kaliyala. Musaope, mabuleki ndinakonzetsa.

Ine ndimagulitsa usipa ndi utaka wouma mumsika wa pa Mangochi boma. Chaka chino mu February mvula inandichita chipongwe. Ndinapikula madengu atatu a usipa wosauma bwino, ndikuti ndikaumitsa ndekha kunyumba, koma dzuwa linakana masiku asanu otsatizana. Usipa unachita chuku, ndipo ndinaugulitsa kwa oweta nkhuku pa mtengo wongotaya. Mpamba umenewo unali ngongole ya ku banki m'khonde. Amene muli m'magulu amenewa mukudziwa: amayi ake ndi omwewo mumaseka nawo pa mjigo, koma likakwana tsiku lobweza nkhope zimasintha. Sindiwada, ndalamazo nawonso ndi thukuta lawo.

Pofika July ndinali ndikadali ndi K140,000 yoti ndibweze, ndipo m'nyumba chinthu chogulitsika chinatsala chimodzi chokha: njinga ya malemu bambo anga. Humber yakuda, yolemera ngati mwana wa ng'ombe. Fizi yanga yonse mpaka Fomu 4 inachokera pa kaliyala ya njinga imeneyi. Msuweni wanga wa ku Chembe, ku Cape Maclear, anati akhoza kuigula ndikapita nayo. Ndalama ya minibasi, ya ine ndi ya njinga, ndinalibe. Ndiye ndinadzifunsa, kodi si ili ndi matayala? Makilomita oposa 70, koma ndinati ndiipalasa konko.

Ndiulule kaye tchimo. Kumsika tikaona azungu akudutsa pa njinga zawo, zikwama zili lendelende mbali zonse, thukuta lili kamukamu, timaseka. Timati munthu wa ndalama zake kuzunzika dala, akufuna chiyani m'malambemu? Kwa ife njinga ndi bulu. Umakwera uli ndi katundu, maso pa tayala la kutsogolo, mutu uli pa masamu. Tsiku limenelo kanali koyamba m'moyo wanga kuyenda ulendo wautali kaliyala ili mbee, yopanda dengu. Ndipo munthu ukapanda katundu, maso amayamba kuona.

Ndinanyamuka kusanache bwino. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ndinaima kumanga chitenje, ndipo ndinapezeka ndaima pansi pa nsanja ya wotchi ija, imene ndimadutsa pafupifupi tsiku lililonse. Inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene tawuni yathu inkatchedwa Fort Johnston. Chapafupi pali chikumbutso cha sitima ya Viphya imene inamira pa nyanja mu 1946, n'kupha anthu 145. Zaka zonsezi malowa ndinkangowadziwa ngati poyembekezera kabaza.

Mwera unali kumbuyo kwanga, ukundikankha ngati mnzanga. Posakhalitsa ndinali pa Mpondasi. Apa ndinakumbukira aphunzitsi athu a mbiri yakale ku sekondale, bambo wina wamfupi amene ankakonda kumenya tebulo. Ankati mudzi wa Mponda unali msika waukulu pamene Shire amatuluka m'nyanja, ndipo David Livingstone anafikapo mu 1866. Pankadutsa nsalu, mikanda, mfuti ndi minyanga ya njovu. Pankadutsanso anthu omangidwa, kupita nawo kugombe la nyanja ya mchere. Kalelo ndinangoloweza zimenezi kuti ndikhoze mayeso. Koma m'mawa umenewo, ineyo wamalonda amene ndinali paulendo wokagulitsa chinthu chimene ndimachikonda, zinandilowa mwina. Malonda ali ndi malire, abale. Alipo amene anawadumpha, ndipo ena mwa ife m'boma lino ndife zidzukulu za ogulitsa, ena za ogulitsidwa, ambiri za onse awiri. Timadyera mbale imodzi osaikamba nkhaniyi.

Ndinadutsa Namiyasi, Maldeco, Makawa, malambe ali ndondondo m'mbali mwa msewu, nyanja ikuonekera apo ndi apo kudzanja lamanja. Dzuwa litakwera, ndili chakufupi ndi Nkope, ndinangomva fyuuu! Tayala la kumbuyo. Ndinakankha njinga mpaka pa mthunzi pamene mnyamata wina amamata machubu. Akumata, ine ndinakhala pa muzu, ndipo agogo ena aamuna amene ankasosa m'munda wawo pafupi anabwera kudzapempha moto kwa mnyamatayo. Ndinawapatsa moni wa Chiyao, “Ajimwiche uli?” Anaseka kuti lilime langa ndi lolemera, n'kuyankha m'Chichewa.

M'mphepete mwa munda wawo munali mulu wa timiyala ndi mapale. Ndinatola phale limodzi. Linali lochindikala, mlomo wake wokhuthala, lokhala ndi timizere tolembedwa bwinobwino. Ndinafunsa, “Agogo, miphika yake ndi ya ndani iyi?” Anati, “Mayi, khasu limangofukula chaka ndi chaka. Agogo anga anawapeza. Si athu awa, ndi a anthu akale.”

Apo tebulo la aphunzitsi aja linaliranso m'mutu mwanga. Nkope! M'zaka za m'ma 1960 katswiri wofukula zakale, Keith Robinson, anakumba kuno kum'mwera kwa nyanja, ndipo mitundu ya miphika imene inapezeka kuno inatchedwa mayina a malo athu omwewa: Nkope, Mawudzu, Nkhudzi. Miphika ya Nkope ndi ya anthu oyamba kusula chitsulo ndi kulima kuno, zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ya Mawudzu ndi ya nthawi ya Amaravi. Ya Nkhudzi ndi ya chaposachedwa, m'ma 1700 ndi m'ma 1800. Ine si katswiri, sindingalumbire kuti phale limene ndinagwiralo linali la gulu liti. Koma panali kamalo pamene chala cha woumba chinadinda dothi lisanaume. Ndinaikapo chala changa chachikulu, chinakwana ndendende. Mayi ameneyo, kaya anali ndani, nayenso ankadzuka m'mamawa, nayenso mphika wina unkamuswekera pa moto atautayira sabata yathunthu. Ndinalibweza phalelo pa mulu, ndinalipira K500 ya chigamba, ulendo.

Masana ndinafika pa mphambano imene timati Mtakataka Turn-off, pamene msewu wina umakhotera ku Golomoti. Ndinagula chinangwa chophika ndi madzi a m'pepala, n'kukhala pansi kuyang'ana mapiri a ku Dedza ali buluu chapatali. Kutsinde kwa mapiri amenewo, chakufupi ndi Mtakataka, ndi kumene kunali Mankhamba, likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, zaka zoposa 500 zapitazo. Mmalawi mnzathu, Dr Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalowo ndipo anapeza mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja zazikulu, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa, ndi zibangili za minyanga. Tangoganizani. Kulibe lole, kulibe foni, kulibe Airtel Money, koma mbale ya ku China inafika pa Mankhamba. Anaisenza ndani? Anthu a miyendo iwiri ngati ine ndi inu, kupatsirana dzanja ndi dzanja, msika ndi msika. Ndinadziona ndekha mwa iwo. Timadzinyoza kuti ndife a geni chabe, kumachita ngati ntchito yeniyeni ndi ya mu ofesi, chonsecho ntchito yathuyi ndi yakale kuposa nsanja ya wotchi ija.

Ndinagona kwa mnzanga wa kusukulu ku Monkey Bay, miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa mbuzi. M'mawa ndinabwerera pang'ono n'kulowa msewu wa ku Cape Maclear, makilomita ngati 18 odutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park. Eee, apa ndiye Humber inandionetsa kuti ilibe magiya. Chitunda chilichonse ndinkatsika n'kukankha, anyani atakhala pa miyala kundiyang'ana ngati ndawabwereka ndalama. Pa mtsetse ndinkagwira mabuleki onse awiri, pemphero lili pakamwa. Koma mukafika pamwamba, n'kuona mitengo yayoyola masamba, miyala ikuluikulu itasanjikizana, mphepo ikukuphulitsani thukuta, mumayamba kuwamvetsa azungu aja. Ndinawapepesa mumtima.

Ndisanalowe m'mudzi ndinaima pa Mwala wa Mphini. Ndi chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yakuya yopingasana, ngati mphini zimene agogo athu aakazi ankatema kumaso. Ophunzira za miyala amati ndi mvula ndi dzuwa zinaujoba choncho, anthu a m'deralo ali ndi nkhani zawo, ndipo boma linauika m'gulu la zipilala zotetezedwa. Chakumapeto kwa gombe kuli manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika mu 1875 ndi sitima ya Ilala, malungo n'kuwapha ena, otsalawo n'kusamukira ku Bandawe mu 1881. Aliyense amene anadutsa m'dziko lino anasiya kanthu: wina phale, wina mkanda, wina manda.

Nanga bambo anga anasiya chiyani? Funso limeneli linandipeza ndikulowa pa bwalo la azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, mayi a msuweni uja. Anali pa thandala akutembenuza usipa. Ataona njinga anasiya zonse, anaigwira chishalo, osandipatsa ngakhale moni. Nditafotokoza chimene ndabwerera, anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, “Iwe mwana wa achimwene, njinga iyi inanditengera ine ku chipatala ndili ndi pakati pa yemwe akufuna kuigulayu. Ndalama ndilibe. Koma ukagulitsa khasu, mawa ulima ndi chiyani?”

Msuweni wanga anangoseka n'kubweza ndalama zake m'thumba. Azakhali anandiyezera ndowa zitatu za usipa wouma gwa, wa dzuwa la July, kuti ndidzalipire ndikagulitsa. Nthawi ya mwera asodzi salowa m'madzi kawirikawiri, usipa umasowa, mtengo umakwera. Anadziwa chimene akundipatsa.

Ulendo wobwerera musandifunse. Dengu kumbuyo, mwera kumaso, zitunda zomwe zija. Ndinatenga masiku awiri ndi theka, ndipo maso anabwereranso pa tayala la kutsogolo. Koma podutsa pa Nkope ndinaliza belu, ngakhale panalibe munthu pamsewu.

Ngongole sinathe, ndisakunamizeni. Yatsala K55,000, ndipo amayi a ku banki m'khonde andipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi wa mawa. Njinga ili pakhonde, mwana wanga wamkazi wa zaka 11 akuphunzirira pomwepo, phazi silifika bwino pa pedulo. Ndamulonjeza kuti akatsekera sukulu tidzakwera mbali ya ku Namwera, tikaone mabwinja a Fort Mangochi amene ali m'phiri, kumene kale kunali mudzi wa mfumu Jalasi. Iye pa kaliyala, ine kutsogolo, dengu litsale kunyumba.

Inu kwanuko, ku Karonga, ku Nkhotakota, ku Dedza, ku Nsanje, ndi chiyani chakale chimene mumachidutsa tsiku ndi tsiku mutasenza katundu? Ndiuzeni, mwina tsiku lina Humber idzafika.