Tsitsi likoma likagonera

Sabata yoyamba ya mwezi wa Epulo amayi a m'boma la Maravia amakhala pakalikiliki. Pa 7 Epulo ndi tsiku la amayi a dziko la Mozambique, lokumbukira Josina Machel amene anamwalira pa tsikuli m'chaka cha 1971. Kuyambira ku Fingoé mpaka ku Malowera magulu a amayi amasonkha ndalama zogulira kapulana wofanana, atelala sagona tulo, ndipo mabotolo a mankhwala a tsitsi amayenda malonda ngati zitumbuwa zamoto. Koma vuto limadza madzulo a pa 6, pamene mayi wayang'ana pagalasi n'kupeza tsitsi lake lagona pamutu ngati udzu wopondedwa ndi ng'ombe, chonsecho chikondwerero ndi mawa lomweli.

Zoterezi zinamuonekera mphunzitsi wina wa pasukulu ya pulayimale kufupi ndi Fingoé. Mayiyu anayamba kuika mankhwala owongola tsitsi ali pa maphunziro mumzinda wa Tete, ndipo kwa zaka zingapo sanaleke. Chaka chimenecho anali ndi khanda la miyezi inayi. Akapesa, chipeso chinkadzaza tsitsi, ndipo lotsalalo linali lopyapyala moti khungu la paliwombo linkaonekera. Amayi anzake anali atamusankha kuti ndiye akawerenge mau awo pamaso pa akuluakulu a boma. Iye anawerenga ndalama zimene anasunga zogulira ufa wa phala la mwana n'kuona kuti zikwana botolo lina la mankhwala, poganiza kuti akaikanso tsitsilo lidzuka.

Azakhali ake, amene anabwera kudzathandiza kulera khandalo, anamupeza pakhomo atavala kale nsapato.

"Ulendo wa kuti dzuwa litapendeka chonchi, mwanawe?"

"Kumsika, azakhali. Taonani mutuwu. Mawa ndikaima bwanji pagulu?"

"Vula nsapatozo. Tereka madzi, unditengerenso chipeso chachikulu chija. Ndalamazo n'za mwana."

Azakhaliwa ndi mmodzi mwa anthu amene anathawa nkhondo n'kukakhala ku Ukwimi, m'dera la Petauke ku Zambia, ndipo anabwerera kwao pambuyo pa pangano la mtendere lomwe linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Iwo amati kumsasa kuja kunalibe ndalama ya saluni, komabe Lamulungu amayi ankalowa m'tchalitchi mitu ili bwinobwino, chifukwa Loweruka madzulo ankalukana pabwalo. Ena ankamanga ndi ulusi wakuda, ena ankaluka ndi zala basi.

Zimene anachita madzulo amenewo aliyense angathe kuzichita. Poyamba anatsuka tsitsilo ndi sopo pang'ono n'kulitsukuluza kawiri, kuti mafuta akale ndi fumbi zichoke, pakuti zimenezi ndizo zimalemetsa tsitsi n'kulimata pakhungu. Analipukuta mosakhula, n'kudikira mpaka linasiya kudontha, litangotsala ndi kachinyezi. Mphunzitsi uja atatenga botolo la vaselini, azakhali anamulanda. Anadontheza timadontho tiwiri ta mafuta a nsatsi m'manja mwao n'kupaka kunsonga kokha, kumizu ayi. Kenaka anagawa tsitsilo m'magawo khumi, ndipo gawo lililonse analikweza m'mwamba, kulipinda motsutsana ndi kumene limagonera masiku onse, n'kuliluka mosamangitsa. Pomaliza anamufunditsa duku la nsalu yoterera, poti nsalu yokhakhala imakoka tsitsi munthu akamatembenuka kutulo.

"Likakupweteka unene," anatero azakhali. "Kuluka kopweteka n'komwe kumakulitsa chipumi."

Kutacha anayamba akhudza kaye kuti aone ngati lauma lonse, chifukwa tsitsi lomasulidwa likadali lonyowa limagonanso nthawi yomweyo. Anamasula ndi zala, osati ndi chipeso, n'kumuuza kuti aweramitse mutu pansi. Chipeso cha mano otalikirana anangochilowetsa kumizu n'kutukula pang'ono, osachikoka mpaka kunsonga. Tsitsi lija linaima, lili ndi timafunde, ndipo paliwombo panabisika.

Owerenga ena ayesa kuti mphamvu inali m'mafuta a nsatsi. Ayi ndithu, mphamvu inali m'madzi ndi m'maola a usiku. Tsitsi limapangidwa ndi chinthu chotchedwa keratin, ndipo mkati mwa tsitsi lililonse muli timfundo tamitundu iwiri tomwe timaligwira kuti likhale mmene lilili. Timfundo tina n'tofewa: madzi akalowa timamasuka, ndipo tsitsi likamauma timamangikanso molingana ndi mmene laikidwira. Ndiye chifukwa chake tsitsi lolukidwa lili ndi chinyezi n'kuuma lili cholukidwa, limasunga mapindikidwe amenewo. Tsitsi lopindikapindika siligonerana, limasiya mpata wa mpweya pakati, ndipo limaoneka lochuluka ngakhale chiwerengero chake chili chomwecho. Koma likanyowanso ndi mvula kaya thukuta, timfundo tija timamasuka ndipo ntchito ya usiku ija yathera pomwepo.

Timfundo tinato n'tolimba ndipo madzi satimasula. N'timene timachititsa kuti tsitsi la munthu wakuda likhale lopotana ndi loima lokha, losafuna chithandizo kuti lioneke lambiri. Mankhwala owongola tsitsi ntchito yake n'kudula timfundo tolimbati. Ambiri mwa mankhwalawa amakhala ndi sodium hydroxide, soda yemwe uja amapangira sopo, kapena abale ake. Timfundo tikaduka sitilumikizananso. Tsitsi limawongoka, inde, koma limafookanso, ndipo kuika mankhwala pa tsitsi lomwe linawongoledwa kale kumangolithothola. Kunena mosabisa, botolo limene mphunzitsi uja ankathamangira ndi lomwe linagoneka tsitsi lake.

Palinso nkhani ina yofunika kuidziwa. M'chaka cha 2022 akatswiri a bungwe la National Institutes of Health ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi oposa 33,000. Anapeza kuti amayi amene ankagwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi koposa kanayi pachaka ankapezeka ndi khansa ya m'chiberekero mochuluka kuposa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amene sankawagwiritsa ntchito. Kafukufukuyu sanaloze chala botolo la kampani iliyonse, komabe mayi wanzeru ayenera kuganiza kawiri asanaike mankhwala mwezi ndi mwezi, makamaka pamutu pali zilonda.

Tsono usiku umodzi uli ndi malire ake. Ungathe kuimitsa tsitsi lomwe lilipo, koma sungameretse lomwe lathothoka. Pamutu pa munthu pamakhala tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo kuthothoka kwa 50 mpaka 100 patsiku si matenda. Kukula kwake n'kwa kamba, pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Wogulitsa amene akukuuzani kuti mafuta ake atalikitsa tsitsi pa sabata imodzi akufuna meticais anu basi.

Kuthothoka kumene kunamuopsa mphunzitsi uja kumachitikira amayi ambiri. Mayi akakhala woyembekezera, tsitsi lomwe likanagwa limakhalabe pamutu. Akachira, pakapita miyezi itatu kapena inayi, lonse lija limagwa nthawi imodzi. Kawirikawiri limabwerera lokha mwana akamakwanitsa chaka. Koma tsitsi limapyapyalanso magazi akachepa m'thupi, zomwe zimachitika mayi akataya magazi ambiri pochira, akadwala malungo pafupipafupi, kapena chakudya chikamaperewera. Ngati tsitsi likuthothoka ndipo mayi akumva chizungulire, kutopa msanga ndi kugunda kwa mtima, njira ndi ya kuchipatala kukayezetsa magazi, osati ya kumsika. Nyemba, nsinjiro, mazira, bonongwe, chisoso ndi kapenta wa ku Cahora Bassa zimathandiza tsitsi kuposa chilichonse chopaka. Ndipo mwana amene tsitsi lake lafiira n'kupyapyala, ameneyo asachedwe naye kusikelo, chifukwa nthawi zambiri chimakhala chizindikiro cha kunyentchera.

Kwa amene sanaikepo mankhwala, njira ya ulusi ndi yabwinonso. Tsitsi amaligawa, n'kukulunga gawo lililonse ndi ulusi kuyambira kumizu mpaka kunsonga. M'mawa akamasula limakhala litatambasuka popanda moto, lalitali ndi lodzaza. Luso limeneli n'lakale ndipo likupezeka m'madera ambiri a mu Africa. Ayoruba a ku Nigeria amalitcha irun kiko. Chenjezo lake n'lomwe lija la azakhali: ulusi kaya meshi zikamangidwa mothina zimazula tsitsi la m'mbali mwa chipumi, ndipo zikachitika kwa zaka zambiri mizu imafa, tsitsi osameranso. Mwana wamkazi akamalira polukidwa, kapena pachipumi pakatuluka timatuza, amayi amasuleni.

Pa 7 Epulo paja mphunzitsi uja anawerenga mau a amayi anzake, khanda lili kumbuyo kwa azakhali. Dzuwa litafika paliwombo, gule atakolera, thukuta linayamba kugoneka tsitsi lija monga mwa chikhalidwe chake, ndipo iye anangomanga duku n'kupitiriza kuvina. Sabata yotsatira anapita kusikelo ndi mwana, nayenso anayezetsa magazi, ndipo anampatsa mapiritsi owonjezera magazi. Mankhwala owongola aja anawaleka. Mwezi ndi mwezi ankadula kunsonga pang'onopang'ono uku lachibadwa likumera kunsi, ndipo chaka chitatha anali ndi tsitsi lalifupi koma loima lokha.

Akulu anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Azakhali aja atabwerera kumudzi anasiya chipeso chachikulu chija ndi mpukutu wa ulusi wakuda. Tsopano Loweruka madzulo, pakhonde la mphunzitsiyo pamakhala atsikana a sukulu atatu kapena anayi atakhala pamphasa, aliyense akudikira nthawi yake yolukidwa, ndipo lamulo lake n'limodzi: likakupweteka unene.