Utsi wabuluu pa siteji ya Liwonde

Galimoto ina ya Sienta itangolizidwa m'mawa pa siteji ya Liwonde, kumbuyo kunatuluka utsi wabuluu, fungo lake la oyilo wopserera. Dalaivala akuti ndi petulo wa m'zigubu. Mmisiri wina wachikulire wapagalaja yapafupi anangopukusa mutu. Ati petulo akachuluka utsi umada bii, madzi akalowa mu injini umayera, koma ukakhala wabuluu ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo.

Chofunika ndi kuona nthawi imene utsiwo ukutuluka. Ukatuluka pongoliza galimoto itagona usiku wonse, kenako n'kusiya, kawirikawiri amakhala ma valve seal, timphira timene timauma ndi kutentha n'kumadonthetsera oyilo m'masilinda. Momwemonso ukaoneka potsetsereka mapiri a ku Machinga kuchokera ku Zomba, phazi litachoka pa moto. Koma ukamafuka poponda moto pachitunda, galimoto itadzaza anthu ndi matumba a mpunga wa ku Ntaja, kayikirani maring'i a pisitoni. Fumbi la misewu ya kumidzi ya ku Balaka limawadya msanga ngati air filter yang'ambika.

Asanamasule injini, mmisiri wodziwa ntchito amayamba wachotsa mapulagi kuona ngati anyowa oyilo, kenako n'kuyeza compression. Nthawi zina vuto n'lotchipa: oyilo anathiridwa mopitirira mzere, kapena PCV valve yatsekeka.

Madalaivala a Balaka–Liwonde, inu mumathira oyilo wokhuthala kuti utsi uchepe, kapena mumapita kugalaja?